Katemera wa Fuluwenza pa Nthawi ya Mliri: Mmene Banja Lingaganizire Lisanasankhe

Kumapeto kwa Epulo 2021, kamphepo kozizira ka m'mawa katayamba kumveka mu Lusaka muno, ine ndi mlongo wanga tinakhala pakhonde la amayi ku Matero tikukambirana nkhani imene inatitengera pafupifupi sabata yathunthu. Amayi anali atapitirira zaka 70, ali ndi matenda a shuga, ndipo chaka chilichonse nyengo yozizira inkawasiyira chifuwa chosatherapo. Katemera wa COVID-19 anali atangoyamba kuperekedwa m'dziko muno pa 14 Epulo, koma dokotala amene amawaona mwezi ndi mwezi anali atatchulanso katemera wina, wa fuluwenza. Mlongo wanga sanagwirizane nazo. Iye anati, "Achimwene, mukufuna tiwatulutse amayi m'nyumba, tiwakweze minibasi, akakhale pa benchi limodzi ndi anthu otsokomola, chifukwa cha chimfine basi?"

Funso limenelo linali lanzeru, ndipo banja lililonse limene lili ndi okalamba, mayi woyembekezera kapena wodwala matenda okhalitsa lidzakumana nalo mliri wina ukadzafika. Yankho lake limasiyana malinga ndi munthu amene mukumuganizira, anthu amene amagona naye nyumba imodzi, mwezi umene muli, komanso malo amene mukalandirire katemerayo.

Yambani mwadziwa matenda amene mukukamba

Vuto loyamba lili m'mawu athu omwe. Timati chimfine tikamanena za mamina ndi kuyetsemula kwa masiku atatu, ndipo timatinso chimfine munthu akagona chigonere sabata yonse thupi likutentha. Awa ndi matenda osiyana. Chimfine wamba chimayamba ndi tizilombo ta mitundu yambirimbiri, chimabwera pang'onopang'ono, ndipo munthu amatha kupita nacho kumsika kapena kuntchito. Fuluwenza ali ndi tizilombo takeake, ndipo amagwira modzidzimutsa: munthu amene anadzuka bwinobwino m'mawa, pofika madzulo amakhala akunjenjemera, mutu ukuwawa, m'thupi monse mukuphwanya, akutsokomola chifuwa chouma chimene chimatha kukhala milungu iwiri kapena kuposerapo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limayerekeza kuti chaka chilichonse anthu 3 mpaka 5 miliyoni amadwala fuluwenza mwakayakaya, ndipo pakati pa 290,000 ndi 650,000 amamwalira chifukwa cha mavuto a kupuma amene matendawa amabweretsa. Ambiri a iwo amafa ndi chibayo, kapena chifukwa chakuti fuluwenza wakulitsa matenda a mtima, a mapapo kapena a shuga amene anali nawo kale.

Katemera amene tikukambayu amalimbana ndi fuluwenza yekha. Munthu amene wabayitsa akhoza kudwalabe chimfine wamba kangapo m'chaka chomwecho, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amakhumudwira n'kumati anataya ndalama pachabe. Tiyeneranso kunena mosabisa kuti ngakhale pa fuluwenza weniweniyo katemerayu sateteza kotheratu. Bungwe la CDC la ku America limanena kuti m'zaka zimene katemera wagwirizana bwino ndi tizilombo timene tafala, amachepetsa chiopsezo chodwala ndi 40 mpaka 60 peresenti. Kunena kwina, mwa anthu 10 amene akanadwala, 4 mpaka 6 amapulumuka, ndipo m'zaka zimene kachilombo kasintha mosayembekezereka chitetezocho chimatsika. Komabe, amene adwala atabayitsa kawirikawiri sadwala kwambiri ngati amene sanabayitse, ndipo kwa munthu wokalamba kusiyana kumeneku kungachititse kuti achirire kunyumba m'malo mogonekedwa kuchipatala.

Funsani kuti mliri umene wabwerawo ndi wa kachilombo kanji

Katemera wa fuluwenza sateteza ku COVID-19, chifukwa tizilombo take ndi tosiyana kotheratu. Aliyense amene akukugulitsani katemerayu ndi mawu akuti akutetezani ku mliri wa mtundu wina akukunamizani. Ngakhale mliriwo utakhala wa fuluwenza, monga zinachitikira mu 1918, 1957, 1968 ndi 2009, kachilombo kake kamakhala katsopano kamene katemera wa chaka chimenecho sanakonzedwere, ndipo pamapita miyezi ingapo kuti katemera wake weniweni apangidwe. Choncho ngati boma likupereka katemera wa mliriwo, ameneyo ndiye woyamba kumufunafuna, ndipo wa fuluwenza abwere monga wowonjezera.

Nanga n'chifukwa chiyani madokotala amalimbikira za fuluwenza pamene anthu ali kalikiliki ndi mliri wina? Amene tinali mu Lusaka mu Juni ndi Julayi 2021 tikudziwa yankho lake. Funde lachitatu la COVID-19 linafika m'katikati mwa nyengo yozizira, zipatala zikuluzikulu zinadzaza, mpweya wa okosijeni unkasowa, ndipo mabanja ankayenda usiku kufunafuna bedi. Pa nthawi yoteroyo, munthu wodwala chibayo chochokera ku fuluwenza amalimbirana bedi lomwelo ndi silinda yomweyo ndi wodwala mliri, ndipo chithandizo chimene akanachipeza mosavuta chaka china chimakhala chosowa. Palinso nkhani yakuti matenda awiriwa amayamba mofanana, moti popanda kupimidwa palibe angasiyanitse, ndipo kutentha thupi kulikonse kumabweretsa mantha m'nyumba, ulendo wakuchipatala ndi masiku odzipatula osapita kuntchito. Choopsa kwambiri ndi chakuti munthu akhoza kugwidwa ndi tizilombo tonse tiwiri pa nthawi imodzi, ndipo odwala otero amavutika kwambiri kuposa amene ali ndi kachilombo kamodzi.

Mbali inayo nayonso ndi yoona. Mu 2020, anthu atayamba kuvala masiki, masukulu atatsekedwa ndiponso maulendo a pandege atachepa, fuluwenza anatsika kwambiri padziko lonse. Chaka chimenecho mnyamata wathanzi amene ankagwirira ntchito kunyumba sanataye zambiri posabayitsa. Koma malamulo aja atangochotsedwa matendawa anabwerera, ndipo palibe amene angadziwiretu mu Epulo kuti pofika Julayi anthu adzakhala akuvalabe masiki kapena ayi. Ndiponso ambiri a ife mumzinda muno sitingathe kudzitsekera m'nyumba: mayi wogulitsa tomato ku Soweto Market, kondakitala wa pa siteshoni ya minibasi ya Kulima Tower, ndi banja la anthu asanu ndi awiri logona zipinda ziwiri ku Kanyama amakumana ndi mpweya wa anthu ena tsiku lililonse, mliri ulipo kapena palibe.

Yang'anani anthu a m'nyumba mwanu mmodzimmodzi

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse, ndipo ndikupempha kuti mupatulepo nthawi. WHO imatchula magulu amene ayenera kukhala patsogolo: ogwira ntchito zachipatala, okalamba, amayi oyembekezera, ana a miyezi 6 mpaka zaka 5, ndi anthu amene ali ndi matenda okhalitsa monga mphumu, matenda a mtima, a impso, a shuga, kapena chitetezo cha m'thupi chofooka. Mu Sepitembala 2020, mliri wa COVID-19 uli mkati, akatswiri olangiza bungweli ananena kuti kumene katemera ali wochepa, ogwira ntchito zachipatala ndi okalamba ndiwo ayambe kulandira.

Mayi woyembekezera ayenera kuganiziridwa mwapadera, chifukwa jakisoni mmodzi amateteza anthu awiri. Pakati pamachititsa kuti mapapo ndi mtima zigwire ntchito yolemera, ndipo fuluwenza amene akanangomugoneka masiku ochepa akhoza kumufikitsa kuchipatala. Mwana wosakwana miyezi 6 sangalandire katemerayu, choncho chitetezo chachikulu chimene angakhale nacho ndi chimene watengera kwa mayi ake ali m'mimba. Kafukufuku amene anachitikira ku Soweto, m'dziko la South Africa, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2014, anapeza kuti katemera woperekedwa kwa amayi oyembekezera anachepetsa fuluwenza ndi pafupifupi theka mwa amayiwo komanso mwa makanda awo. Katemera wobaya angaperekedwe pa mwezi uliwonse wa pakati, ndipo ndi nkhani yoyenera kuifunsa kwa anamwino tsiku la sikelo.

Kuno kwathu sitingasiye kutchula HIV, popeza kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2021 anapeza kuti pafupifupi 11 peresenti ya anthu akuluakulu m'Zambia ali ndi kachilomboka. Munthu amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chachikulu chodwala fuluwenza mwakayakaya, makamaka ngati chitetezo chake chatsika, ndipo katemera wobaya alibe kachilombo kamoyo kamene kangamudwalitse. Satsutsananso ndi ma ARV. Chimodzimodzi amene anadwalapo TB n'kutsala ndi mapapo ofooka, ngakhale anachira zaka zapitazo, ayenera kudziwerengera m'gulu la oyamba.

Ngati inuyo ndinu wathanzi ndipo muli ndi zaka 30, dzifunseni za amene mumawasamalira. Mdzukulu amene amasambitsa agogo, kapena bambo amene amabwera kuchokera m'tauni madzulo n'kunyamula khanda la milungu itatu, ndiye njira imene kachilombo kamalowera m'nyumba. Munthu amayamba kupatsira ena fuluwenza tsiku limodzi asanayambe kumva kudwala, moti kusamala pokhapokha mukayamba kutsokomola kumakhala kuchedwa.

Zovuta zake musazichepetse, komanso musazikulitse

Anthu ambiri amamva kuwawa pamkono pamene abayidwa, ena amatentha thupi pang'ono, kumva mutu kapena kuphwanya m'thupi kwa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo panado amakwanira. Zimenezi si fuluwenza ayi. Ndi thupi limene likupanga chitetezo. Pa nthawi ya mliri, komabe, kutentha thupi kumeneku kumasokoneza maganizo, choncho ndi bwino kudziwiratu malire ake. Kutsokomola, kubanika kapena kusamva fungo sizili m'gulu la zovuta wamba za katemerayu. Zimenezi zikaoneka, kapena kutentha thupi kukapitirira masiku awiri, kapimitseni matenda a mliriwo ndiponso malungo, makamaka ngati mwangobwera kumene kuchokera kumudzi.

Zovuta zazikulu zilipo koma n'zosowa kwambiri. Pafupifupi munthu mmodzi pa miliyoni thupi lake limakana katemerayu mwamphamvu, n'kuyamba kutupa ndi kubanika patangopita mphindi zochepa, ndipo n'chifukwa chake muyenera kubayitsira pamalo pamene pali wachipatala ndi kukhalapo mphindi 15 musananyamuke. Palinso matenda a Guillain-Barré, amene amagwira mitsempha n'kufooketsa thupi kuyambira kumiyendo, ndipo amayerekezedwa kuti amagwira munthu mmodzi kapena awiri pa miliyoni amene abayitsa. Fuluwenza weniweniyo amayambitsa matenda omwewa kawirikawiri kuposa katemera. Amene amawerenga nkhani pa intaneti adzakumananso ndi mbiri ya katemera wa Pandemrix, amene anaperekedwa ku Ulaya pa mliri wa 2009 ndipo anapezeka kuti anachititsa matenda ogona mosaletseka masana mwa ana ena ku Finland ndi ku Sweden. Nkhaniyo ndi yoona, koma anali katemera wapadera wa mliri umenewo, wosiyana ndi wa chaka ndi chaka amene tikukamba pano.

Kwa mabanja ambiri mu Lusaka, chovuta chenicheni ndi ndalama. Katemera wa fuluwenza sali pa ndandanda ya akatemera amene ana amalandira kwaulere kusikelo, ndipo amene amamufuna kawirikawiri amamupeza m'zipatala zolipira ndi m'mafamase ena. Popeza kachilomboka kamasinthasintha ndipo chitetezo chimachepa pakapita miyezi, ndalamayo imafunika chaka chilichonse. Maganizo anga ndi akuti ngati ndalama ikukwanira munthu mmodzi yekha, ipite kwa amene fuluwenza angamugonetse kuchipatala, kaya ndi agogo, mayi wapakati kapena mwana wa mphumu, ndipo ena onse amuteteze posamba m'manja ndi kudzipatula akadwala. Ndiponso musachotse ndalama ya mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi kapena a mphumu kuti mulipire katemera, chifukwa matenda okhalitsa akalekereredwa amaika munthu pa ngozi yaikulu kuposa imene katemerayo angachotse.

Tsopano tibwerere ku mantha a mlongo wanga, akuti ulendo wokabayitsa ungakhale womwewo wokatengera mliri. Mantha amenewa ndi oona pamene matenda ali pachimake, koma angathe kuchepetsedwa kwambiri. Imbani foni kaye kuti mutsimikize kuti katemera alipo, musayende ulendo wachabe. Funsani ngati odwala chifuwa amadikirira malo osiyana ndi obwera kudzabayitsa, pitani m'mawa anthu asanachuluke, valani masiki, ndipo ngati n'kotheka dikirirani panja pamene pakupita mphepo. Ngati wodwalayo ali kale ndi tsiku lokatenga mankhwala kapena lokaonana ndi dokotala, phatikizani zonse pa ulendo umodzi.

Nthawi yake, ndi zofunsa musanatambasule mkono

Labotale ya tizilombo ya ku University Teaching Hospital ndiyo imatsatira fuluwenza m'dziko muno, ndipo matendawa amafala kwambiri m'miyezi yozizira ngakhale kuti amaonekanso m'miyezi ina. Thupi limafuna pafupifupi milungu iwiri kuti lipange chitetezo, choncho nthawi yabwino ndi Epulo kapena Meyi, kuzizira kusanafike pachimake. Amene wachedwa mpaka Juni kapena Julayi akhozabe kupindula, chifukwa matendawa amakhala akuyendabe. Mwana wosakwana zaka 9 amene akulandira koyamba amafunika jakisoni kawiri, motalikirana milungu inayi, ndiye makolo ake ayenera kuyamba msanga.

WHO imasankha kawiri pachaka mitundu ya tizilombo yoti ilowe m'katemera: mu Febuluwale imasankhira maiko a kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo mu Sepitembala imasankhira a kumwera, kumene nyengo yozizira imafanana ndi yathu. Pemphani kuona bokosi. Katemera wa kumpoto kawirikawiri amalembedwa zaka ziwiri, monga 2024/2025, pamene wa kumwera amalembedwa chaka chimodzi. Onaninso tsiku lothera mphamvu, ndipo musavomere wotsala wa chaka chatha ngakhale atatsitsidwa mtengo.

Funso lina limene ambiri amachita nalo manyazi ndi la firiji, koma safunsa anadya phula. Katemerayu amayenera kusungidwa pa kuzizira kwa madigiri 2 mpaka 8, ndipo amawonongeka akatenthedwa komanso akaundana ngati ayisi. M'chaka ngati 2024, pamene madzi anachepa ku damu lopangira magetsi la Kariba ndipo magetsi ankazima maola ambiri patsiku, firiji yopanda jenereta kapena sola sikanatha kusunga kuzizira kumeneko. Malo odalirika sakwiya mukafunsa mmene amasungira katemera magetsi akazima, ndipo ambiri amakhala ndi pepala limene amalembapo kuzizira kwa firiji m'mawa ndi madzulo. Musagule katemera kwa munthu woyenda naye m'chikwama kapena wotsatsa pa WhatsApp, chifukwa mankhwala ololedwa m'dziko muno amayenera kuvomerezedwa ndi bungwe loyang'anira mankhwala la ZAMRA ndi kugulitsidwa pamalo a chilolezo.

Za kulandira akatemera awiri pa nthawi imodzi, malangizo amasintha malinga ndi zimene akatswiri aphunzira. Kumayambiriro kwa 2021 WHO inkalangiza kuti papite masiku 14 pakati pa katemera wa COVID-19 ndi wina aliyense, koma mu Okutobala chaka chomwecho inanena kuti wa fuluwenza wobaya angaperekedwe tsiku limodzi ndi wa COVID-19, wina mkono uwu wina mkono uwo. Pa mliri watsopano, tsatirani zimene Unduna wa Zaumoyo ndi Zambia National Public Health Institute akunena pa nthawiyo, ndipo muuzeni namwino za katemera aliyense amene mwalandira posachedwa.

Pali nthawi zoyenera kudikira. Ngati thupi likutentha kapena mukudwala ndithu, yembekezani muchire. Ngati mukuganiza kuti mwatenga matenda a mliriwo kapena mwauzidwa kudzipatula, musapite kukakhala pamzera n'kupatsira ena. Mamina okha popanda kutentha thupi saletsa kubayitsa. Amene thupi lake linakanapo katemera wa fuluwenza mwamphamvu asabayitsenso popanda kuonana ndi dokotala, chimodzimodzinso amene anadwalapo Guillain-Barré. Akatemera ambiri a fuluwenza amapangidwa pogwiritsa ntchito mazira a nkhuku, ndipo ngakhale kuti anthu ambiri amene sayanjana ndi mazira amabayitsa popanda vuto, muuzeni namwino asanakubayeni.

Ngati mwalephera kumupeza kapena mwasankha kusabayitsa

Pamenepo dziwani zizindikiro zimene sizifuna kudikira kuti kuche: kupuma movutikira kapena mothamanga, kuwawa pachifuwa, milomo kusintha mtundu, kusokonezeka mutu, mwana kukana kuyamwa kapena kumwa, komanso kutentha thupi kumene kunatha n'kubwereranso ndi chifuwa choipirapo. Pali mankhwala a oseltamivir amene amalimbana ndi kachilombo ka fuluwenza, ndipo amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 48 chiyambireni kudwala, choncho munthu wa m'magulu a pa chiopsezo aja asataye masiku atatu akungofukiza bulugamu ndi kumwa ndimu ndi jinja. Zimenezo zimatsegula mphuno ndi kufewetsa pakhosi, koma sizipha kachilombo. Makapisozi a amoxicillin amene timathamangira kukagula nawonso sagwira fuluwenza, pokhapokha dokotala atapeza kuti pabwera chibayo cha mabakiteriya, ndipo ana asapatsidwe asipirini.

Kwathu ku Matero tinagwirizana motere. Amayi analandira kaye katemera wa COVID-19, tinawerenga masiku 14 monga mwa malangizo a nthawiyo, ndipo chapakati pa Meyi mnansi wathu anatinyamula pa galimoto yake m'mamawa, mawindo ali otsegula. Mlongo wanga ndiye analowa kukafunsa za firiji ndi kuona bokosi, amayi atakhala pa mpando panja atafunda chitenje chawo. Mkono unawawawa masiku awiri, moti sanathe kutunga madzi, ndipo mu Julayi anadwalabe chimfine cha mamina chimene chinatha patapita masiku anayi. Tsiku limene anabayitsa tinalilemba kumapeto kwa kabuku kawo ka shuga, ndipo chaka chilichonse Epulo akayamba, mlongo wanga amaimba foni kufunsa ngati katemera wa chaka chimenecho wafika.